Buku la wobisa ndi buku la wobisidwa

Pa tchuthi chapitachi mlongo wanga wamng'ono, yemwe ali fomu 1, anawerenga Number the Stars usiku umodzi wokha. M'mawa anandipeza ndikumwa tiyi nati: "Achimwene, ine ndikanakhalako nthawi imeneyo, bwenzi nditabisa Ayuda nyumba yonse kudzaza." Sindinamutsutse. Ndinangomupatsa buku lina, The Upstairs Room. Ilo linamutengera mlungu wathunthu, ndipo atalimaliza sanatchulenso zimene iye akanachita. Anangofunsa kuti mwana angakhale bwanji zaka ziwiri osathamangako ngakhale tsiku limodzi.

Mabuku awiriwa ndi a ana, ndipo onse akunena za atsikana achiyuda omwe anapulumuka m'manja mwa chipani cha Nazi pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Loyambalo ndi lotchuka kwambiri. Koma maganizo anga ndi akuti lachiwirilo ndi limene mwana sayenera kuliphonya, ndipo amene wapatsa mwana loyamba lokha wamusiya panjira.

Number the Stars analemba ndi Lois Lowry wa ku America m'chaka cha 1989, ndipo chaka chotsatira linapata mendulo ya Newbery, mphotho yaikulu ya mabuku a ana m'dzikolo. Nkhaniyo ikuchitikira ku Copenhagen, likulu la Denmark, mu 1943. Annemarie Johansen ali ndi zaka 10, ndipo mnzake wapamtima, Ellen Rosen, ndi Myuda. Zitamveka kuti asilikali a ku Germany ayamba kugwira Ayuda, Ellen akugona kwa a Johansen ngati mwana wa m'nyumbamo. Asilikali akugogoda usiku, Annemarie akudula mkanda wa nyenyezi ya Davide womwe uli m'khosi mwa mnzakeyo n'kuufumbata. Msilikali akudabwa kuti bwanji mwana mmodzi ali ndi tsitsi lakuda pamene ena ndi loyera, ndipo bambo akuthothola zithunzi za ana awo ali makanda n'kumuonetsa cha Lise, mwana wawo woyamba amene anamwalira, yemwe anabadwa ndi tsitsi lakuda. Kenako pali maliro abodza kwa amalume ake a Henrik, msodzi wa ku Gilleleje: bokosi muli zovala ndi mabulangete a anthu othawa. Pomaliza Annemarie akuthamanga m'nkhalango mbandakucha, atanyamula dengu lomwe pansi pake pali kampango kothiridwa mankhwala osokoneza mphuno za agalu a asilikali. A Rosen akuoloka nyanja n'kufika ku Sweden.

Buku limeneli ndi lolembedwa mwaluso, palibe kukana. Dzina lake likuchokera pa Salimo 147, lomwe likuwerengedwa pa maliro abodza aja, ndipo gawo limenelo limagwira mtima. Maziko akenso ndi oona. Kumapeto kwa September 1943 mkulu wina wa boma la Germany, Georg Duckwitz, anatsina khutu atsogoleri a ku Denmark za tsiku logwira Ayuda, ndipo m'milungu yochepa anthu oposa 7,000 anaolotsedwa pa mabwato a asodzi. Omwe anagwidwa n'kutumizidwa ku Theresienstadt sanakwane 500.

Vuto langa ndi lakuti bukuli ndi la Annemarie. Ellen timangomuona ndi maso a mnzake: akuopa, akuthokoza, akukwera bwato, basi wazimiririka. Zimene anamva atasiya nyumba yawo, dzina lake ndi mkanda wake sitikuzimva kuchokera pakamwa pake. Mwana wowerenga amadziika m'malo mwa wopulumutsa, ndipo wopulumutsayo ndi wabwino kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, pamodzi ndi bambo ake, mayi ake ndi amalume ake. Ntchito yonse yoopsa ikutha m'masiku owerengeka. Mlongo wanga sanalakwe kudzitama. Bukulo ndi limene linamuonetsa kuti kuchitira munthu chifundo ndi nkhani ya usiku umodzi wa mtima kugunda, m'mawa zonse zili bwino.

Ndiponso Denmark inali ndi mwayi umene maiko ena analibe. Ayuda anali ochepa, chenjezo linafika nthawi ilipo, ndipo Sweden, dziko lomwe silinalowe nkhondo, inali tsidya lina la kanyanja kopapatiza. Ngakhale kumeneko zinthu sizinali zosalala monga m'bukumu. Asodzi ambiri ankalipiritsa ndalama. Ku Gilleleje komweko, usiku wa pa 6 October 1943, Ayuda pafupifupi 80 omwe anabisala m'denga la tchalitchi anagwidwa. Sindikuti Lowry ananama. Anasankha nkhani imene inatha bwino kuposa zonse ku Ulaya, ndipo mwana amene wawerenga yokhayo adzaganiza kuti kulikonse zinali choncho.

The Upstairs Room linatuluka mu 1972. Mlembi wake, Johanna Reiss, akusimba za moyo wake womwe, ndipo anayamba kulemba pofuna kuti ana ake aakazi awiri adziwe kumene mayi awo anachokera. M'bukumu iye ndi Annie de Leeuw, mwana wa wogulitsa ng'ombe wa ku Winterswijk, m'dziko la Netherlands. Germany inalanda dzikolo mu May 1940, ndipo bukuli silithamangira. Likutionetsa chingwe chikumangika pang'onopang'ono: malamulo atsopano okhomedwa pamtengo wa pamsika, kuletsedwa kusukulu, anzake kuleka kumuyankhula, nyenyezi yachikasu pamalaya. Bambo ankafuna kuti athawire ku America, mayi omwe ankadwala anakana, ndipo pamene anadzavomerezana khomo linali litatsekeka. Mu 1942 banja likumwazikana. Mayi akumwalira m'chipatala. Annie, wa zaka 10, ndi mkulu wake Sini akukathera kwa alimi ena a m'mudzi wa Usselo, banja la Oosterveld, omwe anavomera kuwasunga kwa kanthawi kochepa chabe. Kanthawi kameneko kanapitirira zaka ziwiri.

Apa ndi pamene bukuli likundigwira. M'chipinda cham'mwambacho mulibe agalu, mulibe kuthamanga m'nkhalango. Muli kutopa. Osayandikira zenera. Osayankhula mokweza. Osatsika kukabwera mlendo. Sini, yemwe ndi namwali, akuona utsikana wake ukutha ali chikhalire, ndipo akulusira mng'ono wake. Annie akuchita nsanje, akunyanyala, akukana kuchita masewero olimbitsa thupi mpaka miyendo ikufooka. Tsiku lina akuwerenga nyuzipepala yachinsinsi n'kudziwa zimene zikuchitikira anthu omwe ankati akupita kukagwira ntchito. Ambirife timaganiza kuti munthu wozunzidwa amasanduka mngelo. Reiss sakudzikometsera choncho. Akudzionetsa ali mwana wovuta, ndipo chifukwa cha chimenecho timakhulupirira zina zonse zimene akunena.

Owasungawo nawonso ndi anthu ngati omwe timawadziwa kumudzi. Johan ndi wolimba mtima koma wodzitama, wapakamwa posasankha mawu. Mkazi wake Dientje ali ndi mantha osabisa, ndipo amawatchula kawirikawiri, chifukwa akudziwa chimene chingawaonekere akagwidwa. Agogo, omwe onse amawaitana Opoe, amang'ung'udza ndi chilichonse chatsopano, koma ndi omwewo amene akuyamba kuwakonda anawo ngati adzukulu. Johan akukonza pobisalira kuseri kwa kabati ya zovala, ndipo tsiku lachipikisheni atsikanawo akuima mmenemo ali chete, akumva nsapato za asilikali. Nthawi ina asilikali a ku Germany akudzakhazikitsa ofesi yawo m'nyumba yomweyo, pansi, anawo ali m'mwamba. Dientje, mayi wamantha uja, akupitirizabe kukwera makwerero ndi mbale ya chakudya. Kwa ine iyeyu ndi wolimba mtima kuposa Annemarie, chifukwa ankayambanso mwatsopano m'mawa uliwonse, mantha ake ali pomwepo.

Ziwerengero za ku Netherlands ndi zimene zikupangitsa chipindacho kulemera. M'dzikomo munali Ayuda pafupifupi 140,000. Oposa 100,000 anaphedwa, ambiri atadutsira ku msasa wa Westerbork. Kunalibe Sweden tsidya lina. Kum'mawa kunali Germany, kumwera Belgium yomwe inalandidwanso, kwinako nyanja yaikulu. Mwa omwe anabisala, ambiri anagwidwa ndithu. Anne Frank, yemwe ambiri tinamva mbiri yake, anabisala ku Amsterdam nthawi yofananayo, koma anafera ku Bergen-Belsen mu 1945. Annie anapulumuka, ndipo buku lake silikutilola kuganiza kuti anapulumuka chifukwa anali wochenjera kapena wabwino kuposa ena.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu muli kale ndi funso lomwe tinatsutsanapo ndi anzanga mpaka usiku: nanga mabodza onsewa? M'mabuku onse awiri anthu abwino akunamiza asilikali maso ali gwa. Lowry akuliika funsolo pakamwa pa Annemarie, yemwe akukwiya atazindikira kuti wakufa akumulirayo sanakhaleko n'kale lonse, ndipo amalume ake akumufotokozera kuti nthawi zina munthu amalimba mtima bwino akapanda kudziwa zonse. Reiss salifunsa n'komwe. Kwa munthu amene waima kuseri kwa kabati, mpweya atautsekera, si funso loyamba kubwera m'mutu. Ofuna kulitsata angayambire pa anamwino aja a pa Eksodo 1. Ine ndingoti mwana amene wafika pofunsa funso limeneli wawerenga bwino.

Wina anganene kuti The Upstairs Room ndi lolemera kwa mwana wa zaka 10, ndiponso kuti mawu ena a Johan si oyenera m'kalasi. Za mawuwo ndikuvomereza kuti alipo, ndipo kholo liyenera kudziwiratu. Koma za kulemerako sindikugwirizana nazo. M'bukumu mulibe zithunzi za mitembo kapena za m'misasa yophera anthu. Chomwe chilimo ndi mwana amene akufuna kutuluka panja, ndipo palibe mwana amene angalephere kumvetsa chimenecho. Ngati mwanayo ndi wamng'ono kwenikweni, ayambe ndi Lowry, chifukwa Chingerezi chake n'chosavuta ndipo nkhaniyo imakoka. Koma asathere pomwepo.

Asilikali a ku Canada atafika ku Usselo mu April 1945, Annie sanatuluke ndi liwiro monga mmene mlongo wanga ankayembekezera. Anazengereza, miyendo ikunjenjemera, akuopa msewu womwe anaulakalaka zaka zonsezo. Kumapeto kwa bukulo Reiss akusimba kuti atakula anabwerera kunyumba ija ndi ana ake. Pobisalira paja panali padakalipo. Anawo anamupempha kuti alowemo awaonetse mmene ankachitira, ndipo iye atafika pakabatipo anayamba kulira.