Kamera Yatsopano Sijambula Yokha, Imafuna Mutu Wanu

Ndege ikamalira m'mwamba, ambiri timayang'ana kumene kukuchokera phokoso, n'kupeza kuti kulibe kanthu. Ndege ili patsogolo kale. Kuwala kumayenda makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi imodzi, pamene phokoso limatenga masekondi atatu kuti lidutse kilomita imodzi yokha. Ndege ikakhala makilomita 10 m'mwamba, phokoso lake limatipeza patatha masekondi 30 kapena kuposerapo, ndipo panthawiyi n'kuti ndegeyo itasuntha makilomita pafupifupi 7. Wofuna kujambula ndege ayenera kudziwa zimenezi asanakhudze batani lililonse.

Maganizo anga ndi akuti wophunzira wa ku Chiradzulu kuno amene wapeza kamera, kaya ndi yatsopano yomwe amalume atumiza kuchokera ku Joni, kaya ndi ya pafoni ya achemwali, ali ndi labotale m'manja mwake. Sukulu zathu zambiri za CDSS zilibe zipangizo zokwanira zochitira fizikisi. Timaloweza kuti liwiro ndi mtunda kugawa ndi nthawi, timalemba pamayeso, basi zathera pomwepo. Koma mukayesa kujambula chinthu chothamanga ngati ndege, samu imeneyi imakupatsani yankho pomwepo, ndipo chithunzi sichinama.

Tiyambe ndi kachitseko ka mu kamera kotchedwa shutter. Kamatseguka kwa kanthawi kochepa kuti kuwala kulowe, kenako n'kutseka. Ndege imene ikutera pa bwalo la Chileka imathamanga pafupifupi makilomita 250 pa ola, omwe ndi mamita 70 pa sekondi. Kachitseko kakatseguka kwa 1/100 ya sekondi, ndege yayenda masentimita 70 chithunzi chili mkati mojambulidwa, ndiye chimatuluka chambuu. Mukaika 1/1000, ndege yayenda masentimita 7 okha, chithunzi n'kutuluka chakuthwa. Mwaona? Samu ya Fomu 2 yomweyo.

Koma liwiro lalikulu silithandiza nthawi zonse. Kampani ya Malawi Airlines ili ndi ndege za mitundu iwiri zimene mungazione: Boeing 737 ya injini za jeti, ndi Q400 ya mapulopela. Pulopela ya Q400 ili ndi masamba 6 ndipo ponyamuka imazungulira maulendo 17 pa sekondi. Pa 1/1000 ya sekondi imasuntha madigiri 6 okha, moti pachithunzi imaoneka ngati yaima, ngati injini yazima ndege ili m'malere. Pa 1/125 imasuntha madigiri pafupifupi 49, ndipo imaoneka kuti ikuzunguliradi. Kuti thupi la ndege lisakhale lambuu pa liwiro lochepali, mumaitsatira ndi kamera, zigongono zili m'nthiti, mukutembenuka ndi chiuno chonse. Yeserani pa maminibasi a mumsewu wa Zomba pa Njuli kapena pa Mbulumbuzi, mutaima patali ndi tala. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chachiwiri ndi kuwala. Mukasiya kamera pa Auto, imayeza kuwala kwa thambo lonse, n'kuganiza kuti kwawala kwambiri, ndiye imadetsa chithunzi. Ndege imatuluka yakuda bii ngati khwangwala. Pezani batani lolembedwa +/- n'kukweza kufika pa +1. Komanso dzuwa likhale kumbuyo kwanu. Apa ife tili ndi mwayi: Chileka ili kumadzulo kwa boma lathu, choncho m'mawa dzuwa likutuluka, ndege za mbali imeneyo zimawalidwa bwino. Madzulo mumakhala mukulimbana ndi dzuwa. Nyengo nayonso ili ndi mbali yake. Mu Seputembala ndi Okutobala mpweya umadzaza fumbi ndi utsi wa moto wa m'tchire, ndipo mpweya wotentha wochokera pansi umapinda kuwala, zinthu zakutali n'kumaoneka ngati zikunjenjemera. Mvula ikangokata, mpweya umayera, ngakhale phiri la Chiradzulu limaoneka ngati lasendera pafupi.

Chachitatu ndi kukula kwa chinthu m'maso. Boeing 737 ndi yotalika mamita 30 mpaka 40. Ikakhala makilomita 10 m'mwamba, imaoneka yaing'ono kuposa theka la mwezi wathunthu. Mukakoka chithunzi ndi zala pafoni, simukuyandikitsa ndege ayi, mukungokulitsa timadontho tochepa tomwe tinalipo kale. Lenzi yeniyeni yokoka zakutali ndiyo imasonkhanitsa kuwala kochuluka kuchokera pa ndegeyo. Ndege yakutali choncho ijambuleni pamodzi ndi mzere woyera umene imasiya kumbuyo. Mzere uja si utsi. Mafuta akapsa mu injini amatulutsa nthunzi yamadzi, ndipo kumwambako kumazizira mpaka madigiri 40 pansi pa ziro, nthunziyo n'kuuma kukhala timiyala ta ayezi. Mzere ukachedwa kutha, ndiye kuti mpweya wa kumwambako uli ndi chinyezi chambiri.

Ndikudziwa zimene ena anganene. "Awa ndi masewera a ana a anthu olemera, ife tili ndi MSCE." Nkhawa ya ndalama ndi yoona, ndipo sindikuuza aliyense kuti akavutitse makolo kugula kamera pamene fizi ikusowa. Koma tamverani izi. Kamera yoyamba ya digito anaipanga Steven Sasson wa ku kampani ya Kodak mu 1975. Inkajambula timadontho 10,000 tokha, topanda mitundu, ndipo chithunzi chimodzi chinkatenga masekondi 23 kuti chisungidwe. Foni yotchipa ya pamsika wa Limbe imajambula timadontho mamiliyoni. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mafoni ambiri a Android ali ndi gawo lolembedwa Pro kapena Manual momwe mungasinthe liwiro la shutter. Foni imodzi ikwanira kalabu yonse ya sayansi. Za mayesozo, liwiro, magalasi, kupindika kwa kuwala ndi kayendedwe ka phokoso zonse zili mu silabasi. Chimene mwachiona ndi maso sichithawa m'mutu msanga ngati choloweza usiku wa mayeso.

Ena amati makamera amakono ndi anzeru, bwanji osangowasiya achite okha? Kamera imadziwa kuyeza kuwala, koma sidziwa chimene inu mukufuna. Sidziwa ngati mukufuna pulopela yozungulira kapena zilembo za pamchira. Zilembo zimenezi n'zofunika, chifukwa zimanena dziko limene ndege inalembetsedwa: 7Q ndi Malawi, ET ndi Ethiopia, ZS ndi South Africa, 5Y ndi Kenya. Ngati muli ndi bandulo, pulogalamu ya Flightradar24 imaonetsa ndege zambiri zimene zikudutsa, kutalika kwake ndi liwiro lake, moti mutha kuyerekeza ndi samu yanu.

Pali malire amene sindingawachepetse. Musaloze kamera padzuwa, makamaka ya lenzi yokoka zakutali, chifukwa diso likapsa silibwerera. Musaunike ndege ndi kuwala kwa laser. Kumathobwa woyendetsa m'maso ndipo m'ndegemo muli miyoyo ya anthu. Bwalo la ndege ndi malo otetezedwa. Mukafuna kukajambula ku Chileka, pemphani aphunzitsi alembe kalata yopempha chilolezo, osati kukazemberera kumpanda. Ndege ndi malo a asilikali zisiyeni.

Kodi zimenezi zingakufikitseni pati? Mu 2017 boma ndi UNICEF anatsegula malo oyeserera ma drone ku Kasungu, ndipo mu 2020 sukulu ya African Drone and Data Academy inayamba kuphunzitsa achinyamata m'dziko muno. Ntchito yaikulu ya drone ndi kunyamula kamera m'mwamba, kujambula minda, misewu ndi madera osefukira madzi. Amene amamvetsa kuwala ndi liwiro amayamba ali patsogolo.

Ndiye sabata ino tengani kope. Pa chithunzi chilichonse lembani nthawi, kumene kunali dzuwa, ndi liwiro la shutter. Sinthani chinthu chimodzi chokha, jambulaninso, yerekezani. Zithunzi zolakwikazo musafufute, chifukwa ndi zimene zikuuzeni choti musinthe mawa.