Bwalo la ndege la Zanzibar n'lokongola, koma akudya ndani?

Mnzanga wina adapita ku Zanzibar kokapuma. Asanafike n'kunyanja komwe, adali atatidzazira kale zithunzi pa status ya WhatsApp: magalasi owala, matailosi onyezimira, ndege zikuluzikulu zitandandalika panja. Pansi pake adalemba kuti anzathu ali patali. Inenso ndidasirira, sindinama. Koma funso lidanditsalira: ndege zonsezi zikamatera, phindu lake likutera m'thumba mwa ndani?

Bwalo limeneli ndi Abeid Amani Karume International Airport, ndipo lili pa chilumba cha Unguja, makilomita ochepa chabe kummwera kwa Stone Town. Kale linkadziwika kuti Kisauni, kenako lidapatsidwa dzina la pulezidenti woyamba wa Zanzibar. Nyumba yake yatsopano yolandirira apaulendo, Terminal 3, idamangidwa ndi ngongole yochokera ku China, ndipo ntchitoyo idatenga zaka pafupifupi 10. Lero pamatera ndege za makampani ngati KLM, Qatar Airways, Turkish Airlines ndi Ethiopian Airlines. Mu 2024 alendo akunja oposa 700,000 adafika ku Zanzibar, pomwe eni zilumbazo, malinga ndi kalembera wa 2022, ndi pafupifupi 1.9 miliyoni.

Pamenepa tisatsutsane, bwalolo lagwira ntchito. Pa chilumba palibe msewu wolowera. Mlendo akapanda kutsika ndege ndiye kuti wabwera pa sitima yapamadzi kuchokera ku Dar es Salaam. Munthu wochokera ku Amsterdam amene ali ndi tchuthi cha sabata imodzi safuna kuvutika n'kusinthasintha, amafuna akwere kwawo atsikire pomwepo. Bwalo labwino ndiye khomo la ndalama zakunja.

Koma khomo limalowetsa, limatulutsanso.

Mu 2021 bungwe loyang'anira mabwalo a ndege ku Zanzibar lidasainirana mgwirizano ndi dnata, kampani ya ku Dubai, kuti izigwira ntchito zapansi pa Terminal 3: kulandira apaulendo, kukweza ndi kutsitsa zikwama, kukonzekeretsa ndege kuti inyamukenso. Mu 2022 kudabwera lamulo loti ndege zogwiritsa ntchito nyumba yatsopanoyo zizithandizidwa ndi dnata yokha. Makampani amene ankagwira ntchitoyi kale adalira mokweza, poti makasitomala awo akuluakulu adawachokera m'manja tsiku limodzi. Mashopu ndi malo odyera m'nyumbamo nawonso adapatsidwa kwa makampani a ku Dubai komweko kuti aziyendetsa.

Akuluakulu a boma adali ndi mfundo yawo, ndipo ndiyomveka: makampani a ndege akuluakulu safuna zachibwana. Chikwama chikasowa, ndege ikachedwa chifukwa makwerero afika mochedwa, mbiri ya dziko lonse imaipa. Kampani yodziwa ntchito imabwera ndi zipangizo komanso imaphunzitsa achinyamata amene yawalemba. Zonsezi ndikuvomereza. Chomwe sindikuvomereza n'choti njira yokwezera ntchito ikhale kutseka mpikisano. Ngongole yomangira nyumbayo adzabweza ndi amisonkho, kuphatikizapo msodzi wa ku Nungwi ndi mayi wolima ndere za m'nyanja ku Paje amene mwina sadzakwerapo ndege moyo wawo wonse. Ngati ngongole ndi ya onse, mwayi wochita bizinesi pamalopo usakhale wa mmodzi.

Nkhani siithera pa bwalo pokha. Taganizirani mlendo wa ku Italy, limodzi mwa mayiko amene amatumiza alendo ambiri kumeneko. Walipiriratu zonse ali ku Milan: ndege, hotela, chakudya, zakumwa. Akatsika, basi ya hotela ikumudikira pakhomo. Sabata yonse ali mumpanda, kenako basi yomweyo yamubweza. Pa kawerengedwe ka boma, ameneyu ndi mlendo mmodzi wowonjezera. Kwa mnyamata wogulitsa ziboliboli mu Stone Town, munthuyu sadabwere n'komwe. Akuluakulu adati mlendo ndi mame. Mame akakamuka, chimene chimawerengedwa n'chomwe chatsala m'nthaka.

Boma la Zanzibar likuoneka kuti likudziwa za vutoli. Kuyambira pa 1 October 2024, mlendo wakunja amayenera kugula inshuwalansi ya madola 44 ku Zanzibar Insurance Corporation, kampani ya boma, ngakhale ali nayo kale ina yakwawo. Ena okopa alendo adadandaula kuti izi zikweza mtengo wa ulendo. Ine ndikuona ngati n'kuyesa kugwira kangachepe pakhomo ndalama zisanatuluke. Koma ndalama yolowa m'thumba la boma ndi ndalama yofika kwa munthu wamba si chinthu chimodzi. Eni zilumbazo ali ndi ufulu wofunsa kuti yatoleredwa zingati, yagwira ntchito yanji.

N'chifukwa chiyani nkhaniyi itikhudze ife? Chifukwa kuno kwathu nyimbo ya zokopa alendo ili pakamwa pa andale onse, ndipo Zanzibar ndi chitsanzo chomwe timakonda kuloza tikamadandaula za mabwalo athu. Tiziloza ndithu, koma tiziloza zonse, magalasi ndi migwirizano yomwe. Tsiku limene adzatilonjeze bwalo lamakono kufupi ndi nyanja yathu, tisadzangoombera m'manja chithunzi cha pakompyuta. Tidzafunse kuti ngongole ndi ya zingati, adzanyamule zikwama ndani, mashopu adzakhale a ndani, nanga tomato ndi chambo cha m'mahotela chidzagulidwa kuti.

Mnzanga uja atabwera ndidamufunsa kuti khofi amene adamwa pa bwalopo, phindu lake lidapita kuti. Adaseka n'kuti: “Aaa, iwenso ndiye umaganiza mopyola.” Mwina n'zoona. Koma ndani atiganizire tikapanda kutero ifeyo?