Kudula foni si mwano

Amayi, achemwali, azakhali athu, tiyeni tikambirane za foni imodzi yomwe sitiyenera kuipatsa ulemu ngakhale pang'ono. Imalira nthawi iliyonse, kaya mukuphika kaya muli pa ntchito. Mbali inayo kuli munthu wa mawu odekha, wa Chingerezi chosalala, akuti akuimba kuchokera ku Microsoft kapena ku kampani yanu ya intaneti. Akuti kompyuta yanu yagwidwa ndi vayirasi, akuba akulowamo pompano, ndipo iye akufuna kukupulumutsani. Ife tikuti mukangomva mawu amenewa, dulani foni. Osatsanzika, osapepesa, osafunsa n'komwe kuti "mwati ndinu ndani kodi?" Kungodula basi.

Microsoft payokha inanena kale poyera kuti siimbira anthu mwadzidzidzi kuwauza kuti kompyuta yawo yawonongeka, ndipo mauthenga ake enieni osonyeza vuto sakhala ndi nambala ya foni yoti muimbe. Tangoganizani, makompyuta a Windows alipo ankhaninkhani pa dziko lonse. Ndani angakhale pansi kumalondera laputopu yanu, n'kufufuza nambala yanu, n'kukuimbirani chifukwa cha chifundo chabe? Palibe.

Komatu anthuwa tisawaderere, ntchito yawo amaidziwa. Amakuuzani kuti mutsegule pulogalamu ina yomwe imakhala kale mu Windows, dzina lake Event Viewer. Mukaitsegula mumaona mndandanda wautali wa zizindikiro zofiira ndi zachikasu, apa Error, apo Warning. Mtima umayamba kugunda. "Mwaona mayi? Onsewo ndi mavayirasi." Bodza lamkunkhuniza. Kompyuta iliyonse, ngakhale yomwe ikugwira bwinobwino, imakhala ndi mizere imeneyo. Ndi kaundula chabe momwe makinawo amalembamo tinthu ting'onoting'ono tomwe tachitika mkati mwake. Mukachita mantha, amati tsitsani AnyDesk kapena TeamViewer, muwawerengere manambala omwe aoneke pa sikirini. Mapulogalamu amenewa si oipa ayi, amisiri enieni amawagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, koma ntchito yake ndi kupereka kompyuta yanu m'manja mwa munthu amene ali kutali. Mukangovomera, kamuvi ka pa sikirini kaja kamayamba kuyenda kokha. Munthu uja ndiye kuti walowa m'nyumba. Akuona imelo yanu, makalata anu, mapasiwedi omwe munasunga, ndi akaunti ya ku banki ngati wakunyengererani kuti muitsegule.

Akuonanso zithunzi. Apa ndi pomwe nkhaniyi imatikhudza ife mwapadera. Ndalama zikabedwa zimapweteka, inde, koma mu laputopu ndi mu foni ya mzimayi mumakhalanso chithunzi cha chiphaso chake cha unzika, zithunzi za ana ake, mwinanso zithunzi zomwe anajambulira mwamuna wake yekha. Tonse tikudziwa zomwe zimachitika chithunzi chotere chikazungulira pa WhatsApp. Wonyozedwa amakhala mayiyo, wakubayo palibe amamufunsa.

Za ndalama amachita mwanjira zingapo. Ena amangokulipiritsani "kukonza" chinthu chomwe sichinawonongeke. Ena ndi ochenjera kuposa apo: amati kampani ikufuna kukubwezerani ndalama, mutsegule akaunti yanu ya ku banki kuti alowetsemo. Amadetsa sikirini kwa kanthawi, n'kusintha manambala omwe akuoneka pa tsamba la banki lija, kuti muone ngati mwalowa ndalama zochuluka kuposa zomwe ananena. Ku banki kwenikweni sikunalowe kalikonse, asintha maonekedwe okha. Ndiye munthu uja amayamba kudandaula, eti walakwitsa, eti abwana ake amuchotsa ntchito, ana ake agona ndi njala, chonde mayi bwezani zapamwambazo. Mumabweza ndalama zanu zenizeni. Kawirikawiri amafuna muwagulire makadi a Google Play, Apple kapena Amazon n'kuwawerengera manambala a kumbuyo, chifukwa ndalama zoyenda choncho n'zovuta kuzitsata. Kampani yeniyeni silipiridwa ndi makadi otere.

Nthawi zina sayamba ndi iwo kuimba. Mukufufuza zinthu pa intaneti, mwadzidzidzi sikirini yonse yadzaza uthenga wofiira, alamu ikulira, akuti musazimitse kompyuta, imbani nambala iyi msanga. Limenelo ndi tsamba la pa intaneti chabe lomwe ladzitambasula. Dinani Esc kwa kanthawi, tsekani browser, zikakanika zimitsani kompyutayo n'kuyatsanso. Nambalayo musaimbe.

Malo ambiri oimbira mafoni amenewa omwe aululika ali ku India, ndipo amakonda kusaka anthu achikulire olankhula Chingerezi ku Britain, America ndi Australia. Mu 2020 pulogalamu ya BBC ya Panorama inaonetsa momwe munthu wodziwika pa YouTube ndi dzina loti Jim Browning analowera m'makamera a ofesi ina yotere pafupi ndi Delhi, anthu n'kuona ndi maso anyamata atakhala pa mizere, mahedifoni kumutu, akubera anthu ngati ntchito ya tsiku lililonse. Mu 2023 apolisi ofufuza a ku India, a CBI, anathyola malo angapo otere Microsoft ndi Amazon atadandaula. Ndiye mukamalankhula ndi munthu uja, dziwani kuti mukulimbana ndi ofesi yonse, yokhala ndi abwana ndi mawu olembedwa kale oti aziwerenga. Yankho lililonse lomwe mungapereke, analikonzekera.

Achemwali athu omwe akugwira ntchito yosamalira okalamba ku Britain amaziona zimenezi pa makasitomala awo, ndipo nawonso mafoniwa amawapeza. Kuno kumudzi masewero ndi omwewo, angovala zovala zina. Woimbayo amati ndi wa customer care wa Airtel Money kapena Mpamba, eti akaunti yanu ili ndi vuto, eti simu yanu itsekedwa lero lomwe, tchulani PIN kapena manambala omwe angobwera pa meseji kuti akukonzereni. PIN ndi yanu nokha. Wantchito weniweni wa kampani ya foni kapena wa ku banki sangakufunseni, ngakhale ejenti wa pa msika sayenera kuidziwa.

Nanga n'chifukwa chiyani anthu anzeru zawo, aphunzitsi, anamwino, amayi a bizinesi, amagwa mu msampha woterewu? Ife tikuona zifukwa ziwiri zomwe tinakula nazo. Choyamba, tinaphunzitsidwa ulemu. Mwana wamkazi sadula munthu mawu, sayankha wamkulu mokweza, mlendo amamulandira bwino. Munthu akabwera ndi mawu a udindo, timamvera kaye. Wakubayo amadalira ulemu umenewu, ndipo amadaliranso chifundo chathu akayamba kulira za ana ake. Chachiwiri, takhala tikuuzidwa kuti za makompyuta ndi za abambo ndi ana a sukulu. Mzimayi amene amayendetsa okala, kulipira fizi, kusunga mabuku a gulu osalakwitsa ndi tambala yomwe, akafika pa laputopu amati "aaa ine izi sindizidziwa". Ndiye akamva mawu a mwamuna akuti ndine katswiri, amapereka makiyi. Dziwani kuti pa nkhani ya foni imeneyi simukusowa digiri. Mukungofunika kudziwa kuti amene wayamba kukuimbirani si amene akunena kuti ali.

Wina afunsa kuti, nanga ikakhala yoona? Nanga banki ikamaimbadi chifukwa pali vuto? Funso labwino. Dulanibe, kenako muimbe nokha pa nambala yomwe mumaidziwa kale, ya kumbuyo kwa khadi lanu la ku banki kapena ya customer care yomwe mumaimba nthawi zonse, kapena mupite ku ofesi yawo. Vuto lenileni silithawa pa mphindi khumi. Nambala yomwe yaoneka pa foni yanu musaikhulupirire, chifukwa pali njira zoipangitsa kuoneka ngati ya kampani yeniyeni. Omwe muli ku Britain, pali nambala ya 159 yomwe imakulumikizani ndi banki yanu mwachindunji. Ndipo amene akukukakamizani kuti musadule, musauze aliyense, chitani pompano, ameneyo wadziulula yekha.

Ngati munamulowetsa kale, chotsani kompyutayo pa intaneti nthawi yomweyo, zimitsani Wi-Fi kapena data. Imbani ku banki kapena ku kampani ya foni kuti atseke akaunti. Sinthani mapasiwedi pogwiritsa ntchito foni kapena kompyuta ina, kuyambira wa imelo, chifukwa imelo ndiyo imatsegula zina zonse. Chotsani AnyDesk kapena TeamViewer uja, kompyutayo ikaonedwe ndi mmisiri amene mumamudziwa, ndipo akamakonza mukhale pomwepo. Kadandauleni ku polisi, muuzenso kampani ya foni ndi MACRA nambala yomwe inakuimbirani. Ku Malawi lamulo lolimbana ndi umbava wa pa intaneti lilipo kuyambira 2016. Yembekezeraninso foni yachiwiri, ya munthu wonena kuti akuthandizani kubweza ndalama zanu mukalipira kangachepe. Nthawi zambiri amakhala omwewo, kapena anzawo omwe anagula nambala yanu.

Chomwe chimatiwawa kwambiri ndi kuseka. Mayi akabedwa chonchi, kunyumba amamva "nawenso uli ngati mwana", pa gulu amakhala nthabwala ya sabata yonse. Ndiye wotsatira amangokhala chete, osapita ku banki msanga, pamene maola oyambawo ndi omwe ndalama zikanatha kutsekedwa. Msungichuma wa banki m'khonde akapusitsidwa amatha kubisa mpaka tsiku logawana, chifukwa akuopa kutchedwa wakuba. Pa msonkhano wanu wotsatira, musanayambe kuponya masheya, tengani mphindi zisanu mufotokozerane za foni imeneyi. Mugwirizane kuti msungichuma akalandira foni iliyonse yokhudza akaunti ya gulu, azidula n'kuimbira wapampando kaye. Agogo ndi azakhali omwe ana anawatumizira foni kapena laputopu kuchokera kunja, alembereni pa pepala nambala ya mdzukulu mmodzi yoti aziimba zinthu zikaoneka zachilendo, mulimate pafupi ndi pomwe amatchajira.