Difu yowotcherera si yoyendera pamsewu

Mwana wanu akati akufuna kuwotcherera difu ya galimoto kuti izizungulira ngati ma BMW 325i a ku Soweto, musamulole.

Galimoto ikamakhota, tayala lakunja limayenda mtunda wautali kuposa lamkati. Ntchito ya difu ndi kulola matayala akumbuyo kuzungulira pa liwiro losiyana. Ikawotchereredwa, onse amakakamizika kuthamanga mofanana, ndiye limodzi limangokhwekhwerezeka. Pamsewu wonyowa, kumbuyo kwa galimoto kumatha kuterereka mwadzidzidzi, pomwe m'mbali mwa misewu yathu mumadzaza ana asukulu ndi akabaza.

Wofuna kuti galimoto izigwira bwino msewu pakona agule difu ya limited-slip, yomwe imaletsa tayala limodzi kungozungulira palokha koma imalolabe kusiyana kwa liwiro pokhota. Inde, ndi yodula. Ngati ndalamazo palibe, difu yakufakitale isakhudzidwe.