Chikalata cha anthu a m'makomboni a Lusaka pa za kuipitsidwa kwa mtsinje wa Kafue ndi maenje osiyidwa ndi okumba miyala

Kwa a Nduna ya Migodi, a Nduna yoona za chilengedwe, akuluakulu a bungwe loona za chilengedwe la ZEMA, a Khonsolo ya Lusaka, ndi anthu onse a m'Zambia.

Ife a bungwe la anthu okhala ku Kanyama, Matero, Chawama, Kalingalinga, Mtendere ndi George tikulengeza poyera kuti tili pamodzi ndi abale athu a ku Chambishi ndi ku Kitwe pa mlandu wawo wa madzi ndi minda.

Pa 18 February 2025, damu losungira zinyalala za mgodi la kampani ya Sino-Metals Leach Zambia linaphulika ku Chambishi. Malita pafupifupi 50 miliyoni a madzi a asidi, malinga ndi chiwerengero chomwe chinalengezedwa poyamba, anakhuthukira mu mtsinje wa Mwambashi n'kukalowa mu Kafue. Nsomba zinafa, chimanga cha alimi chinapserera m'minda, mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi, mpaka ndege za asilikali zinachita kuthira laimu mumtsinje. Ena akuti imeneyi ndi nkhani ya ku Copperbelt. Ife tikukana. Gawo lalikulu la madzi omwe amayi athu amatunga ndi zigubu pa mipopi ya Lusaka Water limapopedwa mu Kafue yemweyo, pa Iolanda. Chomwe chathiridwa kumtunda, wakumunsi sangachithawe.

Sitidana ndi migodi. Ambiri mwa ife ndi ana ndi zidzukulu za anthu amene anakalambira m'migodi ya kopa, ndipo tikudziwa kuti chuma cha dziko chatsamira pamenepo. Koma tikudziwanso zimene zimatsala kampani ikachoka. Mgodi wa ku Kabwe unatsekedwa mu 1994, koma mpaka lero ana a ku Chowa ndi ku Kasanda akupezeka ndi mtovu m'magazi, ndipo mlandu wawo wotsutsana ndi kampani ya Anglo American anakausumira kutali, ku Johannesburg, mu 2020. Anthu 1,826 a m'midzi ya ku Chingola anachita kukafika ku khoti lalikulu la ku London, lomwe mu 2019 linavomera kuti mlandu wawo ndi kampani ya Vedanta umvedwe kumeneko. N'zochititsa manyazi kuti mlimi wa ku Zambia azifunafuna chilungamo kunja kwa dziko lake.

Nafenso kuno tili ndi chilonda chathu, ngakhale sichimveka pa wailesi. Lusaka anamangidwa ndi miyala yokumbidwa m'makomboni mwathu. Okumba anatenga miyala, natisiyira maenje. Damu la Ngwenya ku Misisi ndi maenje ena a ku Chawama ndi ku Kanyama amadzaza madzi dzinja lililonse, n'kusanduka motayira zinyalala ndi moswera udzudzu, ndipo makolo amakhala mtima uli m'mwamba ana akatalikira pakhomo. Pansi pa Kanyama pali mwala wa laimu wokhala ndi ming'alu, choncho zonyansa za m'zimbudzi ndi za m'maenjewa sizichedwa kulowa m'zitsime zosaya. Kolera wa 2017 mpaka 2018 anasautsa kwambiri Kanyama, ndipo wa 2023 mpaka 2024 anapha anthu oposa 700 m'dziko muno, bwalo la masewero la Heroes n'kusanduka chipatala. Munthu asatilozere amayi amene amaphwanya miyala ndi hamala m'mbali mwa msewu kuti ndiwo olakwa. Iwo akufunafuna ya ufa, ndipo fumbi la miyalayo limayamba kudwalitsa iwowo.

Lamulo la Environmental Management Act la 2011 limanena kuti munthu aliyense wokhala m'Zambia ali ndi ufulu wokhala pamalo aukhondo ndi osaika moyo wake pachiswe. Boma linaonetsa kuti lingathe kumva anthu pamene mu 2023 linaimitsa mgodi wa Kangaluwi mu Lower Zambezi National Park, pambuyo pa zaka zambiri anthu akudandaula. Makutu omwewo amvenso ife.

Choncho tikupempha kuti zotsatira zonse za kupima madzi a mu Kafue ndi a m'mipopi ya Lusaka zizilengezedwa kwa anthu kawirikawiri, m'Chinyanja, m'Chibemba, m'Chitonga ndi m'zilankhulo zina, osati m'Chingerezi chokha. Alimi ndi asodzi amene anataya zawo alipidwe mokwanira, ndipo pasapezeke wosainitsidwa pepala lomutseka pakamwa kapena lomuletsa kupita kukhoti kuti alandire chipukutamisozi. Amene akuyankhulira anzawo, kaya ndi mfumu, mtolankhani, wansembe kapena mayi wamba, asaopsezedwe. A ZEMA ayendere madamu onse a zinyalala za migodi mvula isanayambe, ndipo atiuze zomwe apeza.

Kwa a Khonsolo ya Lusaka, pempho lathu ndi ili: kalemberani maenje onse a m'makomboni, kwirirani oyenera kukwirira, otsalawo muwatchingire mpanda, ndipo musapereke chilolezo chokumba miyala pafupi ndi nyumba za anthu musanakhale pansi ndi eni dera.

Abale athu a m'makomboni, musadikire maliro. Pitani kwa khansala wa dera lanu ndi kwa phungu wanu, mukawafunse kuti dzenje la pafupi ndi nyumba yanu lidzakwiriridwa liti.

Komiti ya bungwe, m'malo mwa mamembala onse
Lusaka