Ulendo Wonse Uli pa Zikhatho Zinai

Pamene tifuna kukwera basi, maso athu amathamangira ku mpando wa pawindo ndi ku malo oika katundu. Ndi ocepa amene amawerama kuti ayang'ane matayala. Komatu motoka yonse, pamodzi ndi anthu ndi matumba ao a cimanga, imakhudza mseu pa timalo towerengeka cabe. Pa motoka yaing'ono timaloti ndi tinai, ndipo kalikonse kakula ngati cikhatho ca munthu wamkulu. Kuima, kukhota ndi kutsika mtsetse, zonsezi zimacitikira pa zikhathozo. Tsono mwezi uno tiyeni tione nzeru zimene zili m'tayala, kuti tidziwe kulilemekeza likadali ndi moyo ndi kulikana likafa.

Akulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo tayala silinacokere m'mutu umodzi. Mphira ndi utomoni wa mtengo, ndipo kalelo inali yosathandiza kwenikweni, pakuti kukatentha inkanata, kukazizira inkauma ndi kusweka. Mu 1839 Charles Goodyear wa ku America anapeza kuti mphira ikasakanizidwa ndi sulufule ndi kuiphika pa moto, imalimba koma osaleka kutamuka. Komabe matayala oyamba anali a mphira yokha-yokha, opanda mpweya, ndipo wokwera ankamva mwala uliwonse m'msana. Robert Thomson wa ku Scotland analembetsa nzeru yoikamo mpweya mu 1845, koma anthu sanailabadire. Inadzayamba kufala mu 1888, pamene John Boyd Dunlop, dokotala wa ziweto ku Belfast, anailembetsanso atayesa macubu opopa pa kanjinga ka mawilo atatu ka mwana wake. Mu 1891 abale awiri a ku France, André ndi Édouard Michelin, anapanga tayala la njinga lovula ndi kubwezera msanga, m'malo mwa lomata ndi ulimbo, ndipo mu 1895 anaika matayala a mpweya pa motoka ya mpikisano.

Tisapitirire tisanakumbuke mtengo umene anansi athu analipira. Njinga zitaculuka ku Ulaya, mphira inayamba kufunidwa koopsa. M'dziko la Congo, limene Mfumu Leopold II ya ku Belgium inalisandutsa munda wake kuyambira 1885 mpaka 1908, anthu ankaumirizidwa kufuna utomoni m'nkhalango. Midzi yolephera kukwanitsa muyeso inkatenthedwa, anthu kudulidwa manja, ena kuphedwa. Lero mphira yambiri imacokera m'minda ya ku Asia, makamaka ku Thailand, ndipo ina imapangidwa kucokera ku mafuta a pansi. Koma mbiri ya tayala ili ndi mwazi wa Aafirika.

Kodi munadzifunsapo cifukwa cake tayala liri lakuda? Matayala akale anali otuwa, ndipo ankatha msanga. Ca m'ma 1910 opanga anayamba kusakaniza mphira ndi mwaye wosalala kwambiri, ndipo anaona kuti tayala likukhalitsa ndi kupirira dzuwa. Mwayewo ndiwo umalidetsa.

Koma mphamvu yeni-yeni ya tayala ili m'kati, m'mafupa ake a ulusi ndi waya. Poyamba ulusiwo unkayalidwa mopingasa, mpambo wina pamwamba pa unzake. Tayala likamagudubuka, mipamboyo inkakhuzana ndi kutentha. Mu 1946 kampani ya Michelin inalembetsa mapangidwe atsopano ochedwa radial. Ulusi umacoka pa mkombero umodzi kupita pa mkombero wina molunjika, ngati nthiti, ndipo pamwamba pake amazengapo malamba a waya wacitsulo. Motero m'mbali mwa tayala mumakhala mofewa kuti mumeze mabampu, pamene popondera pamakhala phwatalala pa mseu. Tayala lotere limakhalitsa, limagwira bwino mseu, ndipo motoka simwa mafuta ambiri. Cilembo R cimene timaona pakati pa manambala a tayala cimanena zimenezi. Caka cotsatira, mu 1947, kampani ya B.F. Goodrich ku America inalengeza tayala lopanda cubu, lomatidwa m'kati ndi mphira yosatulutsa mpweya. Cubu ikalaswa ndi msomali imaphwa nthawi imodzi, pamene tayala lopanda cubu kawiri-kawiri limaphwa pang'ono-pang'ono, ndipo dalaiva amapeza mpata woima.

Akulu-akulu amene anagwirako nchito pa fakitale ya Dunlop imene inali ku Ndola adziwa kuti tayala amalimanga ngati nyumba. Mphira, nsalu ndi waya amaziyala cimodzi pamwamba pa cinzake pa cinthu cozungulira conga ng'oma. Kenaka tayala laliwisilo amaliika m'cikombole ndi kuliphika pa kutentha kopitirira madigiri 150, la motoka yaing'ono kwa mphindi 10 kapena 15. M'menemo ndimo mumadindidwa mizere ndi malemba onse a m'mbali.

Mizere imeneyi si yokometsera ai. Ndi tingalande tothawitsa madzi. Mvula ikagwa, madzi a pa tala ayenera kupeza potulukira kuti mphira ikhudze mseu. Tayala likakhala ladazi, madziwo amalowa pansi pake, motoka imayandama, ndipo mabuleki ndi ciongolero zimasanduka zopanda nchito. N'cifukwa cake opanga anaika timizati ting'ono-ting'ono m'kati mwa tingalandeto, totalika mamilimita 1.6. Popondera pakafika pofanana ndi timizatito, tayala lafika pa mapeto ake. Alipo ena amene amatenga tayala ladazi la motoka yaing'ono ndi kusema mizere yatsopano ndi mpeni wamoto. Limaoneka latsopano, koma mphira yotsalayo ndi yopyapyala, ndipo waya uli pafupi. Matayala okhawo a malole ndi mabasi amene analembedwa kuti Regroovable ndiwo anapangidwa ndi mphira yokwanira kusemanso.

Caciwiri ndi mpweya. Kunena zoona, cimene cimasenza katundu ndi mpweya. Tayala ndi thumba lake cabe. Mpweya ukacepa, kapena katundu akaculuka kuposa muyeso, m'mbali mwa tayala mumapindika mopitirira pa kugudubuka kulikonse. Kupindikako kumabala kutentha, kutenthako kumalekanitsa mphira ndi malamba a waya, ndipo tayala limaphulika. Ganizani tsono za minibasi yodzaza tho, ikutsika mapiri a ku Luangwa pa mseu wa Great East m'dzuwa la mu Okutobala. Muyeso woyenera wa mpweya unalembedwa pa mphuthu ya citseko ca dalaiva kapena m'buku la motoka, ndipo uyenera kupimidwa tayala lisanatenthe ndi ulendo. Minibasi ifunanso matayala opangidwira katundu, amene manambala ake amatha ndi cilembo C, monga 195R15C. Kuikapo tayala la motoka yaing'ono kuli ngati kusenzetsa mwana thumba la feteleza.

Cacitatu ndi ukalamba. Mphira imakalamba ngakhale tayala litangokhala m'sitolo. Kuyambira mu 2000 tayala limakhala ndi manambala anai kumapeto kwa malemba oyamba ndi DOT. Awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi caka: 2319 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 mu 2019. Kampani ya Michelin imalangiza kuti tayala likagwira nchito zaka 5 lizipimidwa caka ciliconse, ndipo likakwanitsa zaka 10 licotsedwe ngakhale mizere ilipo. Ticenjerenso ndi matayala amene amabwera pa motoka zakale zocokera ku Japan. Ena ali ndi cizindikiro ca phiri ndi cipale cofewa, pakuti anapangidwira nyengo yozizira ya kumeneko. Mphira yake ndi yofewa. Pa tala wathu wotentha imatha msanga, ndipo motoka imacedwa kuima.

Tidziwa kuti ndalama ndi yovuta, ndipo tayala latsopano limadula. Wogula tayala la salaula si wopusa, koma agule ndi maso. Awerenge manambala anai aja, afune timizati tija, asisite m'mbali kuti aone ngati muli ming'alu kapena cotupa. Cotupa ndi cizindikiro cakuti ulusi wa m'kati waduka, ndipo palibe wokonza amene angaulumikize.

Ifenso okwera tili ndi mbali yathu. Pamene banja licita hayala motoka ya ukwati, ya maliro kapena ya ana a sukulu, tisakambirane mtengo wokha. Tiizungulire motokayo, tiwerame, tione matayala onse pamodzi ndi lapadera. Mwini wake akakwiya, timuyankhe mwaulemu kuti, "Pepani atate, m'motokamu mukwera ana athu." Safunsa anadya phula. Kuyang'ana tayala kumatenga mphindi imodzi, ndipo sikufuna satifiketi ya sukulu.