Jakisoni wongolota sachiza nkhosa

Nkhosa ikayamba kutuluka mamina ndi kupuma mobanika, mlimi amathamangira kusitolo kukagula jakisoni wa oxytetracycline, kuibaya, n'kumadikira. Ife a nyuzipepala ino sitikumudzudzula mlimiyo, pakuti mlangizi wa ziweto amakhala kutali ndipo matenda sadikira munthu. Koma zimene zidawagwera alimi a kumpoto chakum'mawa kwa Brazil zikuonetsa poyera kuti kubaya mongolota n'kungotaya ndalama.

M'chigawo cha Piauí, madokotala a ziweto adalondoloza makola 25 kuyambira 2002 mpaka 2004. Pa nkhosa 100 zilizonse, pafupifupi zitatu zinkagwidwa ndi nthenda ya m'mphuno, ndipo imene yagwidwa sinkapulumuka. Inkatuluka mamina osakanikirana ndi magazi, kuwonda, kenaka diso limodzi n'kutong'oka. Atang'amba mitu ya nkhosa 60 adapeza chotupa chofumbutuka chitadya mafupa a m'kati mwa mphuno, nthawi zambiri chitafika kudiso ndi kuubongo. Choyambitsa chake ndi Conidiobolus, mtundu wa chuku umene umakhala m'dothi ndi m'zinyalala zowola pamalo a chinyezi. Oxytetracycline amapha mabakiteriya, chuku sachikhudza n'komwe.

Ku Brazil komweko kuli nthenda inanso imene imatupitsa mphuno ndi mlomo wam'mwamba. Iyi imadza ndi kachilombo kotchedwa Pythium insidiosum, kamene pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono kamaoneka ngati chuku koma ubale wake uli ndi ndere za m'madzi, ndiponso ndi kachilombo ka chiwawu cha tomato ndi mbatata ya kachewere. Timbewu take timasambira m'madzi ofunda, odikha, ndipo nkhosa zimakatenga podya msipu m'mphepete mwa madamu ndi m'zithaphwi. Mankhwala ambiri opha chuku amagwira pa chinthu chotchedwa ergosterol, chimene kachilombo aka kalibe, n'chifukwa chake amalephera. Chimene chidachiza nkhosa zina kumeneko ndi potassium iodide. Ndipo poti nthendayi nkhosa sizipatsirana, kupatula yodwala n'kusiya zinzake zikudyabe pa damu lomwelo sikuthandiza kanthu.

Adazindikira bwanji zonsezi? Alipo amene adapita kukhola, kudula kanyama ka chotupacho, n'kukakayeza ku labotale. Pamenepo mpamene nkhaniyi ikutikhudza ife Amalawi. Kwathu kuno nkhosa yotuluka mamina ikhoza kukhala ndi mphutsi za ntchentche m'mphuno, zimene zimafa ndi ivermectin, kapena chibayo, chimene chimamva jakisoni uja. Mamina ndi amodzimodzi, mankhwala ngosiyana, ndipo wogulitsa m'sitolo, ngakhale akhale wachilungamo chotani, sangauze mlimi chimene chili m'mutu mwa nkhosa imene sadaione.

Atsogoleri athu amakonda kugawa mbuzi ndi kulonjeza madamu pamisonkhano, chifukwa mbuzi imaoneka pa chithunzi ndipo amayi amaiimbira nyimbo. Botolo losungiramo kanyama kokayeza, kapena mafuta a njinga yamoto ya mlangizi, palibe amene amaziimbira nthungululu. Komatu damu lomwelo limene limapulumutsa ziweto m'chilimwe ndi limene lingazidwalitse ngati palibe wouza alimi kuti atchinge m'mphepete mwake n'kumamwetsera ziwetozo mu mgolo.

Labotale yaikulu ya ziweto tili nayo ku Lilongwe, ndipo imayenda ndi misonkho ya anthu omwewa. Choncho tikupempha aphungu athu, a mbali ya boma ndi otsutsa omwe, kuti bajeti ikadzafika m'Nyumba ya Malamulo adzafunse nduna ya zamalimidwe mosapsatira: nkhosa ikafa modabwitsa ku Nsanje kapena ku Chitipa, ndani amaing'amba, kanyama kake kamafika bwanji ku Lilongwe kasanawole, nanga mwini wake amayankhidwa patapita masiku angati?